Moni wa mapiko ku Chinsapo

Dzulo kandege kena kanadutsa pamwamba pa nyumba yathu ku Area 23, ana anga n'kuyamba kukuwa uku akubayibitsa. Ndinawakalipira mpaka mkazi wanga anandifunsa ngati ndapenga.

Sindinapenge ayi. Ndili mwana, tikukhala ku Chinsapo, achimwene anga a Lemani ankaphunzira kuyendetsa tindege ting'onoting'ono ku kalabu ina. Malaya awo ankamveka fungo la mafuta, ine ndinkawanunkhiza mobisa. Tsiku lina anandiuza kuti, "Iwe mphwanga, Loweruka ndiuluka ndekha. Ukadzaona kandege kakugwedeza mapiko, udziwe kuti ndine ndikukupatsa moni."

Lowerukalo ndinaitana ana onse a mumzere wathu. Kandege koyera kanabwera motsika, kakutsokomola, kakupendekera uku ndi uku. Tinalumpha, tinakuwa.

"Amayi, tulukani! Achimwene akutipatsa moni!"

Amayi anatuluka ndi thovu la sopo m'manja. Anayang'ana kamodzi kokha, n'kukhala pansi m'matope.

"Imirirani inu, akuonani mutakhala!" ndinatero mokwiya, ndikuwakoka mkono.

Kandegeko kanazimirira kuseri kwa mabulugama, kenako kunakwera utsi wakuda. Ine ndinkaombabe m'manja.

Mpaka lero sindidziwa ngati m'kugwedezeka konse kuja munali moni wanga ngakhale pang'ono, ndipo oti ndikanawafunsa tinawaika m'manda Lolemba lake.