Makalata Amene Ndinkasefa

Ntchito yanga yoyamba ku Nairobi inali yowerenga madandaulo a anthu. Ndinkagwira pa kaofesi ka mpingo kosindikiza mabuku, cha kumtunda kwa msewu wa Waiyaki Way, ndipo mwezi uliwonse tinkatulutsa komiki ya achinyamata, kabuku ka nthano yazithunzi. Munali ngwazi zisanu zamphamvu zodabwitsa zimene zinkateteza mzinda. Kuchikuto chakumbuyo tinalembako nambala ya foni kuti owerenga azitiuza zakukhosi, ndipo foniyo inkakhala mu dirowa yanga. Lachisanu lililonse ndinkayenera kulemba pepala limodzi lofotokoza zimene owerenga anena, n'kukalipereka kwa wojambula.

Wojambulayo anali Mmalawi mnzanga, koma kunena kuti mnzanga ndi mwano. Anali mnzawo wa malemu bambo anga, ankaimba kwaya imodzi ku Zomba ine ndisanabadwe. Nditafika ku Nairobi ndi chikwama chimodzi chakufa zipi, ndi iwo anandichingamira, nandisunga kwawo ku Donholm miyezi inayi, ndipo ndi iwo omwewo anakandinenerera kuti ndilembedwe ntchito. Ine ndinkati bambo, iwo ankati mwana wanga. Komiki ija anaiyambitsa okha, nthano ndi zithunzi zomwe, ndipo chilolezo chawo chokhalira ku Kenya chinamangirirana ndi ntchito imeneyi. Aliyense pa ofesipo ankadziwa kuti komiki ikadzatha, nawonso adzalongedza.

Pamene ine ndinkayamba ntchito, komikiyo inali itayamba kale kudwala. Mtsogoleri wa ngwazizo anali mkulu wandevu zoyera, wa ndodo yoimitsa mphepo. Panali namwino wochiritsa ndi manja, kondakitala wa mikono yotanuka wa m'minibasi zimene ku Kenya amati matatu, ndi bambo wina wosanduka utsi. Wachisanu anali mtsikana wa ku Kangemi wothamanga pa madenga a malata osamveka mdidi, wapakamwa, wosachedwa kupsa mtima. Owerenga ankagulira komiki mtsikana ameneyu. Koma mwezi wina anayankha mtsogoleri mwachipongwe pakati pa nkhondo, ndipo bambo anga ojambulawo sanaone bwino kuti ana aziphunzira zotere. Anamulanga. Anamukhazika kunyumba ya ngwazi kuti aphunzire ulemu, azisesa ndi kuwiritsa tiyi, anzake akupita kukamenya nkhondo.

Nkhondonso yake inali yotani? Anayi otsalawo ankakhala patebulo masamba asanu ndi limodzi akukambirana. Chigawenga akachigwira ankachilangiza, icho n'kulira, n'kulapa, mwezi wotsatira n'kuyambiranso.

Foni ya mu dirowa ija inkatentha. Ana a ku Nairobi sakuluwika. Amalemba m'Chiswahili, m'Chingerezi ndi m'chinenero chawo cha m'misewu, ndipo liwu loyamba limene ndinaphunzira kwa iwo linali lakuti "inaboa", kutanthauza kuti ikutopetsa. Wina analemba kuti ngwazi izi zimachita misonkhano kuposa mabungwe a ku Westlands, dera la maofesi. Wina anafunsa ngati mkulu wa ndodo uja amalipidwa potengera kuchuluka kwa mawu. Wina anangoti, "Wojambula wanu wakalamba, mpatseni mpando apume." Ambiri ankafunsa funso limodzi: mtsikana wathu mwamuika kuti?

Lachisanu loyamba ndinalemba zonse monga zinalili. Ndinanyamula pepala mpaka pakhomo pa kachipinda kawo. Ndinawapeza atawerama patebulo, magalasi ali pansonga pa mphuno, zala zili bii ndi inki, akujambula ndevu za mtsogoleri imodzi imodzi.

"Mwana wanga, wadya?" anandifunsa, akukankhira kwa ine kambale ka mandazi.

Ndinabisa pepala kumbuyo. Ndinati ndangodzawapatsa moni. Ine mwana wadzulodzuloli, amene ndinadya mchere wa m'nyumba mwawo miyezi inayi, ndiwauze kuti akalamba? Kwathu sitinaleredwe choncho. Ndinabwerera pampando wanga n'kulembanso.

Ndinayamba kusefa. Pamene mwana anati ngwazi zimangochita misonkhano, ine ndinalemba kuti owerenga aona kuti ngwazi zimakonda kukambirana zisanachite kanthu. Pamene anati wojambula wakalamba, ndinalemba kuti owerenga akuzindikira kuti nthanoyi ikulembedwa ndi munthu wodziwa zambiri. Za mtsikana uja ndinkati owerenga akumukumbukira ndipo akumupatsa moni. Bodza lamkunkhuniza sindinalembepo ngakhale limodzi, ndipo ndinkadzitonthoza ndi zimenezo pokwera matatu madzulo. Bambo aja ankawerenga pepala langa akugwedeza mutu mokhutira, n'kuliboola bwinobwino, n'kuliika mu fayilo yobiriwira.

Panali wowerenga mmodzi amene ankandisowetsa mtendere kuposa onse. Anali mtsikana wophunzira pa yunivesite ya ku Kahawa, ndipo iye sankatukwana. Mwezi uliwonse ankalemba uthenga wautali, wa munthu amene chinthu akuchikonda ndipo chikumupweteka. Ankati anayamba kuwerenga komikiyi ali ku pulayimale. Ankati ngwazi zisiyeni zigonje kamodzi, tione ngati zili ndi magazi. Ankati mtsikana wa ku Kangemi ananena zoona tsiku lija, mtsogoleri ndiye analakwitsa njira, nanga bwanji wolangidwa ndi amene ananena zoona? Mwezi wina anamaliza ndi funso: "Kodi mauthenga angawa amafika kwa wojambula?"

Ndinamuyankha kuti amafika. Papepala la Lachisanu ndinalemba kuti wowerenga wina wa ku Kahawa akutsatira nthanoyi mwachidwi.

Zinayenda choncho chaka chathunthu ndi miyezi ingapo. Mitolo ya makomiki osagulidwa inayamba kubwerera kuchokera ku masukulu ndi ku maparishi, n'kumaunjikidwa m'khonde mpaka tinkadutsa chammbali. Bambo aja ankati vuto ndi ogulitsa, ndi aulesi. Ankati ana a masiku ano mafoni awasokoneza. Ine ndinkangoti, "Eya bambo, n'zoona." Mwezi uliwonse umene ndinkakhala chete unkachititsa kuti kulankhula kukhale kovuta kuposa mwezi wapitawo. Ndikananena bwanji kuti mapepala onse a mu fayilo yobiriwira anali osefa?

Abwana athu anali mayi wa ku Kenya konko, munthu wabwino koma wosazungulira. Lolemba lina anatiitana tonse awiri. Anati akuluakulu a mpingo agamula kuti komiki ya mwezi wotsatira ikhale yomaliza, chifukwa owerenga aitaya.

Bambo aja sanatekeseke. Anali atabwera ndi fayilo yawo. Anaitsegula patebulo mwaulemu wonse, n'kuyamba kuwerenga mapepala anga limodzi limodzi, kuti abwana amve okha mmene owerenga amaikondera nthanoyi. Anawerenga za munthu wodziwa zambiri zija monyadira.

Abwana anamvetsera mapepala atatu. Kenaka anatembenukira kwa ine.

"Kanditengere foni ija."

Ndinakaitenga. Anaitsegula, nawerenga chamumtima kwa kanthawi, n'kundiyang'ana. Sanandikalipire, bola akanandikalipira. Anangoipereka foniyo kwa bambo aja, akuwatchula Mzee, liwu laulemu la Chiswahili lotchulira munthu wamkulu.

"Mzee, pepani. Werengani nokha."

Anakweza magalasi. Ndinkaona chala chawo cha inki chikukankha mauthenga, chikuima, chikukankhanso. Chiswahili cha m'misewu sankachimva bwino, koma zimene anamva zinakwana. Anatseka fayilo yobiriwira, anathokoza abwana, n'kutuluka. Sabata yonseyo sanandilankhule, ndipo kambale ka mandazi sikanaonekenso.

Loweruka m'mawa anandiimbira kuti ndipite ku Donholm ndi foni ija. Pa Outer Ring Road panali mdipiti wa magalimoto, ndipo kanali koyamba m'moyo wanga kupemphera kuti mzerewo usayende. Nditafika, akazi awo anatiikira tiyi n'kulowa kuchipinda. Bambo anali ndi kope latsopano ndi pensulo.

"Khalani pansi, mayi," anatero. Chibadwire anali asananditchulepo choncho. "Muwerenge onse, kuyambira pachiyambi. Mundimasulire m'Chichewa mmene alili. Mukachotsa liwu limodzi ndidziwa."

"Bambo, ena ndi achipongwe."

"Ndati onse."

Ndinawerenga kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka. Ndi pakamwa panga pomwepa ndinawauza kuti akalamba, kuti apatsidwe mpando, kuti ngwazi zawo ndi madala a komiti, kuti masamba a komiki yawo amakulungira bwino chipisi. Mawu aliwonse amene ndinawabisira chaka chonse ndinawalavula tsiku limodzi, ndikulira. Iwo ankangolemba m'kope. Titafika pa mauthenga a mtsikana wa ku Kahawa anaika pensulo pansi, nandiuza kuti ndibwereze. Ndinabwereza. Nditafika pa funso lija lakuti kodi mauthengawa amafika, anandifunsa chimene ndinamuyankha. Ndinawauza.

Anakankhira pambali tiyi wozizira.

"Mwana uyu wakhala akunditsina khutu chaka chonse," anatero. "Wakutsina khutu ndi mnansi. Mnansi wanga anali ku Kahawa, ine osadziwa."

Ndinagwada. Ndinati ndinkawachitira ulemu, ndinkaopa kuwapweteka, ndinkakumbukira zonse zimene anandichitira.

"Ulemu?" anatero, osakweza mawu. "Mwandisiya ndikuyenda mumsewu buluku litang'ambika kumbuyo, inu mukundiombera m'manja. Mukanandiuza mwezi woyamba ndikanakwiya sabata imodzi. Mwina ziwiri. Kenaka ndikanakonza. Dzanja ili silinafe."

Sananame, dzanja linali lisanafe. Komiki yomaliza anaijambula masabata atatu, chitseko chotseka. Ngwazi zinayi zija zinagonja patsamba lachitatu, ndodo ya mtsogoleri inathyoka, mzinda unadzaza utsi. Mtsikana wa ku Kangemi anataya tsache, nakwera padenga. Panali tsamba lina lathunthu lopanda mawu, iye akuuluka pamwamba pa malata adzimbiri, zovala zoyanikidwa zikukupiza, ana akuloza m'mwamba. Pamapeto mtsogoleri anavula chisoti pamaso pa mtsikanayo n'kunena mawu atatu okha: "Unanena zoona iwe." Ndinaliona tsambalo lisanapite ku makina, ndipo ndinakadzitsekera kubafa.

Kabuku kameneko sikanabwerere ngakhale mtolo umodzi. Koma chigamulo chinali chitapita kale kwa akuluakulu, chilolezo chawo chinali chikutha, ndipo panalibe wochibweza. Ananyamuka kabuku katangotha sabata imodzi pamsika. Tinawaperekeza ambiri a kumpingo wathu wa Amalawi. Anandigwira chanza ngati mmene anagwirira wina aliyense. Fayilo yobiriwira anaisiya patebulo langa, osalembapo kanthu.

Atapita, foni ya mu dirowa inayambanso kutentha, koma ulendo uno ndi zina. Ana omwe aja ankati iyi ndiye komiki, bwanji mukuithetsa pamene yayamba kukoma? Amene ananena za mpando uja analemba kuti wabweza mawu ake. Mtsikana wa ku Kahawa analemba uthenga wautali kuposa onse. Anati anawerengera m'matatu mpaka anapitirira siteji yake. Anati muuzeni wojambula kuti tsamba la padenga lija walimata pakhoma pamwamba pa bedi lake, ndipo akuthokoza kuti pomaliza wamumva.

Ndinasangalala ngati mwana. Ndinati tsopano ndili ndi kanthu kabwino koti ndiwapatse, koona, kosafuna sefa. Ndinakhala madzulo awiri ndikumasulira mauthengawo m'Chichewa, liwu ndi liwu, osawonjezera mchere ngakhale pang'ono, n'kuwatumizira kumudzi.

Anakhala masiku anayi osayankha. Lachisanu masana, nthawi yomwe ija ndinkawapatsira pepala, foni yanga inalira. Uthenga wawo unali waufupi.

"Ndawerenga, zikomo. Koma tandiuzani, mayi: mawu okomawa ndi a ana aja, kapena ndi anu?"