Kaliwo wa Munthu Wokhala Pakhomo

Sipoko ya njinga imene amalume ankaboolera akaliwo osutira fodya inali yakuda ngati khala, ndipo kogwirira anaikulunga ndi kansanza ka bulangete kuti isamawotche zala. Ankaisomeka m'udzu wa denga la khonde lawo, pamwamba penipeni pomwe ana sitinkafikira. Chaka chimenecho, m'nyengo yachisanu, titangomaliza kukumba mbatatesi, anaitsitsa n'kundipatsa ine. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, mwina ziwiri. Kwathu zaka sitinkaziwerenga mosamala.

Kalata inali itabwera yonena kuti abambo afika mwezi ukubwerawo. Abambo ankagwira ntchito ku migodi ya ku Joni. Kwathu ku Domwe, m'dziko la Apwitikizi, sankalemba anthu opita kumeneko, ndiye amuna ankadumpha malire pa Kalomwe, kukalembetsa ku Dedza ngati Amalawi, n'kutchula mudzi wabodza. Akapita ankatha zaka ziwiri. Akabwera, miyezi iwiri basi, ulendo uja wayambanso. Ine abambo ndinkawadziwa ngati mvula ya chizimalupsa: yagwa, fungo lamveka, yapita. Anzanga ankandisirira chifukwa cha malaya a ku Joni, koma ine ndinkasirira mnzanga wina amene bambo ake, osauka opanda ngakhale nsapato, ankamukalipira tsiku lililonse ali pakhomo pomwepo.

Amalume, mlongo wawo wa amayi, ku Joni sanapiteko chifukwa mwendo wawo umodzi unali wopuwala. Ankasema mipini, zipande ndi akaliwo, ndipo tsiku la msika ankayala akaliwowo pa thumba. Panali a chitsononkho olumikiza ndi bango, ogula anyamata osuta mobisala. Panali owongoka, aafupi, a mutu waung'ono. Ndiyeno pakona, payekha, pankakhala wopindika, wosemedwa pa mtengo umodzi, khosi lake ngati la bakha, mutu waukulu, pansi pophwatalala moti ukamuika pansi ankaima yekha. Amalume pakamwa panali posongoka kuposa mpeni wawo.

"Muli paulendo, achimwene? Tengani wowongokayu. Alowa m'thumba, mukakoka kawiri katatu mwamaliza, galimoto isanakusiyeni. Ayi, ameneyo musiyeni, si wanu. Wopindikayo ndi wa munthu amene anasiya maulendo. Ukamuyatsa dzuwa lili paliwombo, nkhuku zimalowa m'khola usanamalize."

Anali mawu ogulitsira malonda chabe, lero ndikudziwa. Koma ine ndinawameza ndi minga yomwe. Ndinabwerera kumudzi ndikuwerengera m'mutu: ngati wopindika ndi wa munthu amene anasiya maulendo, ndiye munthu akakhala naye wopindika, maulendo awasiya.

Nditawauza kuti ndikufuna kusemera abambo kaliwo, amalume anaseka mpaka kutsokomola.

"Kamoto iwe," ndilo dzina ankandiitana chifukwa cha mtima wanga wapachala, "nonse awiri ndinu oyamba. Iwe sunasemepo, bambo ako sanagwirepo kaliwo, amasuta ndudu za m'paketi ngati mzungu wa sitolo ya pa kantina. Oyamba amayamba ndi wowongoka."

Anandifotokozera bwinobwino, sindingawanamizire. Wowongoka umaboola kamodzi, sipoko imangoyenda njira yake mpaka kutulukira m'mutu. Wopindika umaboola mbali ziwiri, kuchokera kukamwa ndi kuchokera kumutu, ndipo mabowo awiriwo ayenera kukakumana pachigongono, mkati momwe diso siliona. Kwa wosuta nayenso wopindika ndi wovuta: malovu amadikha pachigongonopo, ukakoka mwamphamvu umamwa madzi owawa, ndipo mutu wake waukulu umaledzeretsa munthu wosazolowera. Ndinamvetsera zonsezo, kenako ndinamenya theche mulu wa zipalapala za mitengo n'kunena kuti wopindika, apo ayi basi. Chifukwa chake sindinawauze. Anangondiyang'ana, n'kundilozera mulu wa nthambi zouma za mpichesi kuseri kwa nyumba kuti ndikasankhe yokhala ndi mphanda.

Masiku amenewo ndikamawakumbuka, choyamba kubwera ndi fungo. Mtengo wa mpichesi ukamapsa ndi chitsulo chamoto umanunkhira ngati chinachake chodyedwa. M'mawa nkhungu inkakwirira phiri lonse, zidendene zili ming'alu yokhayokha, zala zosamva kanthu, ine nditagwada pa phale la makala ndikuuzira mpaka sipoko itafiira. Ukaikhudzitsa pamtengo inkati tsiii, utsi woyera n'kukulowa m'maso. Inkalowa pang'ono ngati chikhadabo, n'kuzizira. Uibwezenso pamoto. Tsiku lonse, chala chimodzi.

Kaliwo woyamba, sipoko inatulukira m'mbali mwa khosi. Ndinamugenda kukhoma, n'kuphonya pang'ono mtsuko wa akazi awo a amalume. Wachiwiri anang'ambika chifukwa ndinkakankha ndi mphamvu zonse, kufuna kumaliza dzuwa lisanalowe. Amalume sanandithandize ngakhale kamodzi. Ankangosema mpini wawo, osadzutsa mutu, n'kumati, "Sipoko siikankhidwa, imayenda yokha. Ntchito yako ndi kuitenthetsa." Mawu amenewo ankandipsetsa mtima kuposa kundimenya. Mpaka lero munthu akandiuza kuti ndidekhe, m'khutu mwanga mumamveka mawu a amalume, ndipo sindidekha.

Ku shikola ndinajomba masiku asanu. La chisanu ndi chimodzi apulofesolo, aphunzitsi athu, anatuma anyamata akuluakulu awiri kudzandinyamula ngati mbuzi. Anandiimika kutsogolo, kundifunsa m'Chipwitikizi kumene ndinali, ine osayankha m'chinenero chilichonse. Anatenga mbalamatodya, kathabwa kaja ka mabowo komenyera m'manja, kasanu dzanja ili, kasanu dzanja ilo. Sindinalire. Chimene chinandiliza chinali cha mawa lake, pamene ndinapeza kuti manja atupa moti sipoko sindingathe kuigwira. Masiku anayi anapita pachabe, abambo ali m'njira. Kaderno wanga, kabuku kolembamo, ndinakamuponya m'khwawa, ndipo pakhomo pa shikola sindinapondenso. Anthu amati ndinasiya chifukwa cha umphawi. Bodza limenelo. Ndinasiya chifukwa cha mkwiyo, ndipo palibe amene anandibera kanthu koma ine ndemwe.

Kaliwo wachitatu ndinamuboola ndi manja akusupuka khungu. Tsiku lina masana sipoko inangoti fwa, kulowa popanda choitsekereza. Ndinaika pakamwa n'kuuzira, phulusa lonse la m'mutu mwake n'kundithira kumaso. Amalume anamutenga, kumuyang'anitsitsa, kuuziranso okha, n'kundibwezera. Madzulo ake anandipatsa phale la botolo lopalira ndi timafuta ta nsatsi. Ndinamupala ndi kumupaka mpaka anawala ngati mphumi ya khanda. Khosi linali lokhotera pang'ono kumanzere, koma ankaima yekha.

Abambo anafika pa ngolo kuchokera kumalire, bokosi lachitsulo lili pambali. Jekete linkawalendewera m'mapewa. Pokwera kamtunda kochokera kumtsinje kufika pakhomo anaima kawiri, dzanja lili m'chiuno, akuyang'ana minda ngati akuiyendera. Ine ndinati ndi mmene amayendera anthu a ku Joni, mwachifatse, ngati mabwana. M'bokosi munatuluka bulangete, nsalu ziwiri za amayi, ndi nsapato zanga zimene zinakana kulowa. Anagula za mwana amene anamusiya. Anaseka, nane ndinaseka, koma ndinaziponda chidendene n'kuyenda nazo choncho mudzi wonse.

Kaliwo ndinawapatsa tsiku lachitatu, alendo atachepa, ali kuwothera dzuwa atatsamira nkhokwe. Amalume analipo, amayi akupeta nyemba chapafupi. Ndinagwada n'kupereka ndi manja awiri. Anamutembenuza, kumuika pansi, n'kuona kuti waima.

"Wasema ndiwe?"

"Eya."

"Nanga bwanji wandisankhira wa nkhalamba? Waona imvi?"

"Ndi wa munthu wokhala pakhomo," ndinatero.

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anayang'ana amalume, amalume n'kuyang'ana chala chawo chakuphazi. Lichero la amayi linasiya kulira.

"Abambo ake, kodi kuja anakuuzani chiyani za fodya?" anafunsa amayi.

"Mwana wasema," anayankha abambo. "Alamu, tapatseni kafodya."

Anatsendera, ine n'kuthamangira khala. Atakoka kamodzi, chifuwa chinawagwira n'kuwapinda pakati, misozi mbwee, mitsempha ya m'khosi itaima. Ine ndinaseka, Mulungu andikhululukire, ndinaseka n'kuwauza kuti oyamba onse amatero, azikoka pang'onopang'ono, asamakankhe. Ndinkawaphunzitsa abambo anga kusuta. Chifuwa chitawasiya anapukuta m'maso n'kunena kuti ndi kaliwo wabwino, ku Joni konse sanaone wotere.

Kuyambira pamenepo masana aliwonse ndinkawabweretsera khala pankhokwe paja. Ankakoka kawiri, mwina katatu, kenako ankangomufumbata m'manja akuwotha kutentha kwake, ine nditakhala pambali phewa langa likukhudza jekete lawo. Sitinkalankhula zambiri. Nthawi zina ankandifunsa mayina a ng'ombe za anthu, kapena kuti mtengo uja unali apo anadula ndani. Nthawi zina ankagona chokhala, ine n'kumaingitsa nkhuku kuti zisawadzutse. Pa moyo wanga wonse sindinakhalepo chete nthawi yaitali ngati masana amenewo, ndipo ndikanapatsidwa tsiku limodzi loti ndibwerere, ndikanasankha lililonse mwa amenewo, ngakhale lamphepo.

Amayi anayamba kubisa fodya. Ndinkamupeza, m'nkhali, m'denga, pansi pa mphasa, iwo n'kubisanso. Tsiku lina ndinawapsera mtima pamaso pa anthu kuchitsime. Ndinati, "Inu mukufuna apite kuti azikutumizirani nsalu!" Ndinayembekeza khofi. Sanandimenye. Anasenza ndowa yawo isanadzaze n'kumapita. Pa zonse zimene pakamwa pangapa panalankhula, ndipo palankhula zambiri zoipa, mawu amenewo ndi amene ndikanakonda kuwameza.

Miyezi iwiri inakwana. Mphepo inasiya, fumbi linayamba, mapichesi anachita maluwa. Amuna a m'mudzi anayamba kupangana za ulendo wa ku Dedza kukalembetsanso, ndipo ndinamva dzina la abambo likutchulidwa pamodzi ndi ena. Sindinakhulupirire mpaka m'mawa umene ndinawaona atavala jekete, kamtolo kali m'manja. Kaliwo anayesa kumulowetsa m'thumba la jekete, koma mutu unakana. Anamuika pawindo, kundisisita m'mutu, n'kutsika kamtunda kaja pambuyo pa anzawo.

Ndinapita kwa amalume n'kuwauza kuti ndi abodza, iwo ndi akaliwo awo omwe. Masiku awiri sindinadye. Ndinagenda galu wa eni ake popanda chifukwa, ndinamenyana ndi mnzanga uja wa bambo osauka mpaka kumuchotsa magazi m'mphuno. Pankhokwe sindinkafuna ngakhale kuyang'anapo.

Tsiku lachitatu, dzuwa lili pamutu, ndinaona munthu mmodzi akubwera mumsewu wochokera kumalire, akuyenda n'kuima, kuyenda n'kuima. Jekete ndinalizindikira ali kutali. Anzawo onse anali atapita, iwo okha abwerera.

Ndinathamanga mudzi wonse ndikukuwa kuti abambo sapitanso. Ndinafika kwa amalume ndikupuma mwa befu, n'kuwauza kuti ndinalakwa kuwanena abodza, wopindika uja wagwira ntchito, abambo awasiya maulendo, ndipo ndine ndachita zimenezi ndi manja angawa. Amalume, munthu amene sanandikalipirepo ngakhale pamene ndinatsala pang'ono kuswa mtsuko, anaponya mpini pansi.

"Tseka pakamwa, iwe!"

Ndinaganiza kuti ndi nsanje ya mmisiri, poti wophunzira wamuposa.

Nditabwerera kunyumba ndinapeza abambo atakhala pakhonde, nsapato atavula, amayi ataima pakhomo. Ndinamva ndi makutu angawa zimene ananena, chifukwa sanabise mawu.

"Adokotala andimvetsera pachifuwa ndi kachitsulo kawo kaja, kutsogolo ndi kumsana. Andiuza kuti ndizipita kwathu. Ati ndisadzabwerenso."

Ine ndinamva mawu omalizawo okha, ndipo anandikomera ngati uchi. Asadzabwerenso! Ndinalowa m'nyumba kukatenga kaliwo pawindo, ndinafukula fodya pansi pa mphasa, ndinathamangira khala. Abambo analandira, n'kumwetulira, n'kundiuza kuti ndakhoza.

Sanapitenso kulikonse, zoonadi. Mvula itagwa ankatiperekeza kumunda n'kukhala pachulu, khasu litagona pambali. Chisanu chotsatira chisanathe tinawaika m'manda. Fumbi la mgodi linali litawadya m'chifuwa kalekale, ndipo aliyense m'mudzi ankadziwa kuyambira tsiku lija anaima kawiri pakamtunda, kupatula ine.

Koma masana a tsiku lija anawabweza ku Dedza ndinali mwana wokondwa kuposa ana onse a ku Domwe. Chimodzi chokha chinkandisokoneza. Amayi anali atakhala pansi kuseri kwa nyumba, pafumbi, miyendo atatambasula, manja ali pamiyendo, osachita kanthu, ngati mmene amakhalira azimayi pamaliro. Ndinapita kawiri kukawafunsa ngati ndigwire tambala wofiira uja, iwo osandiyankha. Ndinawakwiyira mpaka dzuwa kulowa, kuti mwamuna wawo wabwera kudzakhala, iwo osapha ngakhale nkhuku.