Birika lobwera lodzaza

Zaka zija anthu a ku Mozambiki ankathawa nkhondo, tinapatsa malo mayi wina wamasiye kuseri kwa nyumba yathu ku Malindi. Anafika ndi mphika umodzi ndi timbewu ta therere tomanga pakansanza, n'kudzala pomwe tinkatayira madzi otsukira mbale.

Amuna anga anali asodzi, ndipo asodzi a bwato lawo therere sankalikhudza. Ati poti limaterera, nsomba nazo zingaterereke mu ukonde. Masamba ankati n'chakudya cha mbuzi. Iwo ndi usipa wouma, ufa woyera, tiyi, basi. Tsiku lonse pamwamba pa madzi, koma kumwa ayi! Ndiye kudzimbidwa kunali kwa bwato lonse, kungoti mwamuna sanena.

Ulendo wina amuna anga anatha masiku asanu osachita chimbudzi. Mimba gwa ngati ng'oma, kupalasa bwato kukanika, ankangogona pamkeka. Anzawo anatuma mawu kuti Loweruka likakwana asanabwere, alowetsa wina pamalo pawo. Ine mantha. Tikanadya chiyani?

Mayi uja anaona yekha. Anawaimitsa amuna anga akuchokera kuchimbudzi, birika la madzi odzitsukira lili m'manja.

"Alamu, birika likupita lodzaza, likubwera lodzaza. Mukukalionetsa malo?"

"Amayi, samalani zanu."

"Zanga n'zomwezi. Ife tikuthawa m'tchire tinkadya masamba okhaokha. Tinavutika zambiri, koma mwamuna wodzimbidwa sindinamuone."

Anaphika therere ndi nsima ya mgaiwa wa chimanga chomwe ankalandira othawa nkhondo, chakudya chake cha masiku awiri. Pambali anaika papaya ndi chikho cha madzi ofunda.

"Mukufuna nsomba zindithawe?" anatero amuna anga.

"Nsomba ziti, alamu? Pamkekapa mwagwira zingati?"

Ine ndinabisa nkhope m'chitenje. Zaka zonse za ukwati sindinawayankhepo chotero. Koma anadya, atabisala kuseri kwa nkhokwe kuti anzawo asawaone.

M'mawa mwake birika linabwera lopanda kanthu. Mayi uja sanaseke, anangopitiriza kusesa. Lachisanu amuna anga anakwera bwato, ndipo usipa sunaterereke.

Kenako asodzi anzawo anayamba kubwera mmodzimmodzi, ati kudzalonjera mlendo. Mlendo wa miyezi isanu ndi umodzi! Aliyense ankadyera kuseri kwa nkhokwe komweko.

Nkhondo itatha mayi uja anabwerera kwawo, n'kundisiyira kansanza ka mbewu kaja. Nditadzala, amuna anga ndi amene ankathirira.