Madzi a pa Chitsulo cha Bambo Yosiya

Bambo Yosiya Chikafa a ku Rugare, komboni ya m'dziko la Ashona, samva fungo. Mphuno yawo inabooka mkati kalekale, nthawi imene ankagwira ntchito pa fakitale yokutira zitsulo kuti zizinyezimira. Zaka makumi awiri ndi zisanu ankaviika mabampala a galimoto ndi miyendo ya mipando m'mathanki a asidi, akupuma nthunzi yake. Fakitale itatsekedwa anatsala ndi zala zothetheka, komanso nzeru imodzi: chitsulo ankachidziwa.

Anabwerera m'nyumba imene anawasiyira bambo awo, munthu wa ku Dedza amene anakalambira pa njanji, n'kumamata mapoto obooka. Patapita zaka, labu ina ya kafukufuku wa sayansi m'tauni inawatenga kuti azitsuka mabotolo ndi zitsulo, mongoyembekezera.

Mkulu wa labuyo, mayi wachitsikana dzina lake Dokotala Tafadzwa, ankayesa njira yopanda poizoni. Ankasungunula zikamba za nkhanu n'kupanga phala lopyapyala lokutira timalata tachitsulo. Phalalo linkagwira tinthu ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, timene timafulumizitsa kuphwanya zoipa za m'madzi. A Yosiya anaikonda ntchitoyo chamumtima. M'chipindamo munalibe wotsokomola.

Koma chokutiracho chinkasupuka ngati khungu la mbatata yophika. Miyezi inayi chikusupuka. Timalata tokha timene tinkagwira tinali totsuka a Yosiya, ndipo kupatula iwo eni, palibe anadziwa chifukwa chake.

"Musawauze," anatero akazi awo, mayi Dolly, akusita malaya. "Tsiku lowauza ndilo lobwerera ku mapoto. Kalata ya ntchito yokhazikika ija akupatsani?"

"Akuti Januwale."

"Januwale wa chaka chiti, bambo a Melina? Mphuno munapereka kale. Mutuwo sungani."

Anausunga milungu itatu. Kenaka Lachiwiri lina anaona Dokotala akuyankha foni ali chivalire magolovesi, n'kutola kamodzi ka timalata tija ndi zala zomwezo. A Yosiya anayang'ana kumbali. Anatsuka botolo limodzi kawiri. Koma kachitsuloko kanali kakulowera ku phala, ndipo pakamwa panatseguka pokha.

"Dokotala, chitsulocho n'chakuda."

"Sekuru, ndachitsuka katatu," anaseka Dokotala. Onse ankawaitana a Yosiya choncho, kutanthauza agogo m'Chishona. "Kapena maso ayamba kutsatira mphuno?"

A Yosiya anatenga botolo la madzi. Anathira madzi pa kachitsuloko, madziwo n'kuthawana, kusanduka timadontho. Anathira pa kamene anatsuka iwo, madzi n'kugona phee ngati galasi.

"Mafuta," anatero. "Ochepa kwambiri, a pa foni. Madzi akang'ambika, chokutira sichigwira. Kufakitale sitinkaviika chitsulo tisanachifunse ndi madzi."

Dokotala anawomba m'manja, anaitana ophunzira ake, anawauza a Yosiya kuti abwereze iye akujambula. Anawafunsa zonse: sopo wake, kutentha kwa madzi, kagwiridwe ka m'mphepete. Munthu amene sanafunsidwepo kanthu moyo wake wonse, anayankha zonse.

Sabata yotsatira pakhoma panamatidwa pepala la mfundo zisanu ndi zitatu. Pamwamba panali chithunzi cha manja awiri a zipsera akuthira madzi. Dzina panalibe. Ophunzira anayamba kutsuka okha, ndipo timalata tinasiya kusupuka.

Kumapeto kwa Disembala Dokotala anawaitanira pakhonde. Anawapatsa mpando, zimene anali asanachitepo.

"Sekuru, mwatithandiza kwambiri. Koma akuluakulu akuti kutsuka ophunzira akukwanitsa. Inu mukapume."

"Nanga kalata ija?"

Dokotala anayang'ana foni yake.

Masiku ano a Yosiya amakhala pansi pa mtengo wa mapeyala kuseri kwa nyumba, mapoto a anthu atawazungulira. Asanamate chigamba amathirapo madzi kaye, n'kuyang'ana ngati ang'ambika. Mayi Dolly amawaona ali pa chingwe choyanikira.

"Mukanangotseka pakamwa milungu ina itatu."

A Yosiya sadzutsa mutu.

"Chinali chakuda," amatero.