Loweruka la Achemwali M'mphepete mwa Mtsinje

Nditapita ku Nairobi kukachita maphunziro, ndinkakhala ndi achemwali anga ku South C, dera lina la mumzindawo. Iwo ankagwira ntchito ya ulembi ku bungwe lina la mayiko akunja. Loweruka lililonse tinkakwera matatu, timaminibasi takumeneko, n'kukatsikira pafupi ndi paki ina kumpoto kwa tauni. Kumeneko kunali msewu wotsata mtsinje, wa mitengo italiitali mbali zonse.

Mtsinjewo sunali wokongola. Madzi ake anali akuda, onunkha, ndipo majumbo ankakolekera m'mizu ya mitengo. Koma achemwali ankakonda malowo chifukwa kunalibe phokoso.

Chaka choyamba tinkayenda mpaka pa mlatho, tikudya chimanga chootcha. Chaka chachiwiri anayamba kutsokomola, madiresi n'kuwakulira. Tinkangofika pa benchi ya pakati, iwo ali wefuwefu. Ine ndinkati ndi ntchito yawachulukira.

Tsiku lina mvula itangokata, tinakhala pa benchiyo ngakhale inali yonyowa. Anyani ankadumphadumpha m'nthambi.

"Iwe, ndinakayezetsa magazi," anatero achemwali. "Andipeza nako kachilombo."

Ndinangoyang'ana botolo limene linkazungulira pamadzi.

"Wandimva?"

"Ndamva, achemwali."

"Amayi usawauze. Ndikawauza ndekha."

Ndinafuna kuwagwira dzanja, koma ndinachita mantha. Masiku amenewo tinkamva zambiri zabodza za matendawa, ndipo ine, wophunzira wa ku koleji, ndinabisa manja anga m'thumba la juzi. Iwo anaona. Anangodzuka n'kunena kuti tizipita, mitambo yayambanso kuda.

Mvula ya chaka chimenecho inali yoopsa. Mtsinje unasefukira, msewu unadzaza matope, ndipo sitinapitekonso. Mankhwala otalikitsa moyo tinkangowamva kuti aliko kunja. Pofika mwezi wa Epulo achemwali anasiya ntchito, anzawo akutchalitchi n'kuwaperekeza ku bwalo la ndege kuti abwerere kumudzi. Ndinawanyamulira chikwama mpaka pa chipata. Anandiuza kuti ndilimbikire sukulu.

Anamwalira kwathu ku Zomba ine ndili mkati mwa mayeso. Uthenga unandipeza maliro ataikidwa kale.

Nditamaliza mayeso ndinalongedza katundu wawo ndekha, nsapato za kuntchito, mbale, ndi makatani amene anasoka okha. Mwini nyumba ankafuna makiyi Lolemba.