A Gerishon ndi Nkhwazi za m'Shire

A Gerishon Binwell anabadwira ku Matandani pa 12 Malichi 1958, ndipo mpaka atakwanitsa zaka 37 madzi aakulu omwe ankawadziwa anali a mtsinje wa Lisungwi basi. Ankalima chimanga ndi kuweta nkhuku pamodzi ndi akazi awo, a Stelia. Mu 1995 mvula inadula msanga, chimanga n'kupserera. Alamu awo, a Laimoni, omwe ankayendetsa boti la alendo pa loji ina m'mbali mwa Shire kumtunda kwa Matope, anawapemphera ntchito. Mwini loji anati awayesa sabata imodzi, akalephera abwerere kumapiri kwawo.

Anayamba Lolemba, pa 7 Ogasiti. Ntchito yake inali kulowetsa kabango m'kamwa mwa nsomba kuti iyandame, kuimba likhweru, kenako kuiponya pamadzi kuti nkhwazi itsike, alendo aijambule.

Lachiwiri ananyamula azungu anayi. A Gerishon anaimba likhweru, naponya nsomba. Nkhwazi inachoka mumkuyu, inapinda mapiko, zikhadabo patsogolo. Apo thupi la a Gerishon linachita zomwe linazolowera pabwalo la nkhuku. Anadzambatuka, nawomba m'manja.

"Kabawi! Kabawi! Haa!"

Mbalame ija inakhotera m'mwamba, azungu n'kujambula madzi okhaokha.

"Kodi alamu, anapiye anu ali pati m'boti muno?" anafunsa a Laimoni.

"Ine ndimati ikuba."

"Ikuba nsomba yoti mwaipatsa nokha, eti?"

Mwini loji atamva, anangoti Lachisanu akwera nawo, adzionere yekha.

Lachitatu ndi Lachinayi a Gerishon anapeza njira yawo. Akaponya nsomba ankakhalira manja, kabango kena ataluma m'mano.

Lachisanu, pa 11, kunacha ndi chiperoni. Boti linazungulira kawiri, nkhwazi osaoneka. Alendo anayamba kubweza makamera m'zikwama, mwini loji akuyang'ana wotchi. Koma munthu woweta nkhuku amakulira kuyang'ana kumwamba, kusaka kadontho kakuda kasanagwere anapiye. A Gerishon analavula kabango kaja.

"Zimitsani injini, alamu. Iyo apo, pamwamba pa mgwalangwa wachitatu."

"Kuti? Mwayambanso?"

"Zimitsani basi."

Ngakhale mzungu wa magalasi oonera patali sanaione. A Gerishon anaimba likhweru kawiri, naponya nsomba, n'kukhalira manja msangamsanga. Nkhwazi inabwera chopalasa pamwamba pa madzi, inatola nsomba pafupi ndi boti, madzi mpaka kuwathovukira kumaso. Ulendo uno sanakuwe, alendo n'kuijambula bwinobwino.

Loweruka m'mawa anapatsidwa malaya obiriwira a pa loji. Kuyambira pamenepo malo awo anali kutsogolo kwa boti, ndipo a Laimoni sankakhota asanaone komwe chala cha alamu awo chaloza. Anagwira ntchitoyi mpaka pa 30 Juni 1999, pomwe bondo linawakaniza kukwera ndi kutsika m'boti.