Khutu la Chigumu

Mbiri inayamba ndi mayi Ida a kwaya, ndipo pofika tsiku la mapemphero inali itafika kale ku Indianapolis popanda tikiti. Akuti a Sosten Kaphale, aja ochapa zofunda kunyumba yosungirako okalamba kuno ku South Bend, akhwima. Mayi Ida anaona okha. Anapita m'mawa kukasiya ndiwo, n'kuwapeza bambowo atagwada m'khitchini, mphaka atamukulunga m'chitenje cha malemu akazi awo, akumukanikiza kachithumwa pakhutu. Kenako anamubaya, n'kutenga magazi, uku akunong'ona. Ndiwo zija zinasiyidwa pakhomo, ndipo mbale yake sanaibwerere mpaka lero.

Zonse anaonazo n'zoona. Chitenje chinalipo, magazi analipo. Koma chithumwacho ndinachigwira ine ndi manja angawa: ndi sokosi yakale yothiramo mpunga. Amaitenthetsa pang'ono kuti khutu lifunde, magazi atuluke msanga. Mphakayo, dzina lake Chigumu, amadwala shuga. Musaseke. Kuno ngakhale amphaka amadwala matenda a mabwana.

A Sosten anabwera mu 2001 kutsatira akazi awo a Magdalene, omwe anali namwino. Amphaka sankawafuna n'komwe. Ankati kwawo ku Ntcheu mphaka ndi wantchito, malo ake ndi kunkhokwe, osati pasofa. Koma a Magdalene anatola kamwana kamphaka kuseri kwa bini, kakunjenjemera m'chisanu, ndipo mlandu unathera pomwepo. Mayiwo anali ndi shuga. Namwino wobaya anthu tsiku lonse, koma chala chawo ankaopa kuchibaya okha. Ndiye m'mawa uliwonse a Sosten ankawagwira dzanja, n'kubaya, n'kudontheza kadontho pa kamakina koyezera, mphaka ali pamiyendo kuonerera. Mu 2006 a Magdalene anatisiya. Chimene anapempha n'chimodzi: "Chigumu musakamupereke kwa anthu."

Chaka chotsatira Chigumu anayamba kumwa madzi ngati chidakwa cholapa, thupi likutha. Dokotala wa ziweto, mtsikana waulemu wake, anati ndi shuga, azibayidwa insulini m'mawa ndi madzulo. A Sosten anafunsa ngati aziyamba ayeza asanabaye. Dokotala anakana. Anati mphaka adzadana nawo, kamakina ka anthu sikodalirika pa nyama, azingobwera naye kuchipatala adzamuyeze iye.

A Sosten anavomera ndi mutu, monga timachitira Amalawi tikamakana. Atafika kunyumba anatsegula kabati, n'kutulutsa kamakina ka a Magdalene. Insulini ankaidziwa. Ankadziwa kuti ukabaya munthu shuga ali wotsika kale, umamutsitsira kumanda.

Mkangano unakula. Kuchipatala Chigumu ankati akamva agalu akuuwa, shuga kumwamba. Kunyumba, ali m'chitenje, ankatsika. Dokotala anawonjezera mankhwala. A Sosten anayamba kuchepetsa okha mongoganizira, dokotala n'kukalipa, ndipo apa ine ndinali kumbali ya dokotala.

"Achimwene," ndinawauza, "kuchapa mabulangete a odwala si udokotala. Ine ndimakonza matayala, koma ndege sindiulutsa."

"Iwe matayala akowo amaphwa," anatero.

Ndi nthawi imeneyi pamene mayi Ida anabwera ndi ndiwo zawo. Kutchalitchi benchi ya a Sosten inayamba kutalika. Ana ankakokedwa malaya akafuna kuwapatsa moni. Munthu wamasiye, kudziko la eni, anthu ako ndi omwewo. A Sosten anabweza kamakina m'kabati, sokosi n'kuitaya kuseri kwa firiji, n'kumangobaya muyezo wonse monga anauzidwira.

Sipanapite nthawi, foni yanga inalira m'mawa ndisanamwe tiyi.

"Lameck, bwera ndi galimoto. Mwana akugwa."

Ndinawapeza pansi, Chigumu ali lobodo m'manja mwawo, maso ali gwa. Kamakina kanali katatuluka kale, ndipo nambala yake inali yotsika moti a Sosten sanafune kuitchula. Ankamupaka uchi m'nkhama ndi chala, akunong'ona. Ndinatchera khutu kuti nanenso ndimve mawu a ufiti aja. Ankati, "Usandichititse manyazi kwa mayi ako. Dzuka, bambo. Dzuka."

Tinathamangira kwa dokotala yemwe uja, ndipo tisamunamizire, ndi iye anamupulumutsa. Anamusamala tsiku lonse ngati wake. Koma pa nkhani yoyeza kunyumba sanasunthe, a Sosten nawo sanasunthe. Anasiyana mwaulemu, atagwirana chanza.

Mnzathu wina wa ku Indianapolis anatiuza za dokotala wa ziweto wachikulire wa mumzinda womwewo, cha ku Lafayette Road. Ndinadiraiva ine, Chigumu akutukwana njira yonse kumbuyo. Mkuluyo anamvetsera, n'kupempha kuti aone mmene amachitira. A Sosten anayala chitenje, sokosi ija ataipukuta fumbi. Chigumu anapendeketsa mutu yekha, n'kupereka khutu ngati wolandira mdalitso. Dokotala anati aziyeza, koma muyezo wa mankhwala asamaukhudze asanamuimbire foni. Aliyense anagonja theka. A Sosten anatuluka akuyenda ngati apambana zonse.

Lero Chigumu ananenepa, ndipo sofa ndi yake. M'mawa uliwonse amakakhala yekha pafupi ndi kabati kudikira chitenje. Ena amati amafuna kanyama kamene amalandira akabayidwa. A Sosten amati amakumbuka mwini chitenje. Ine sindilowererapo.

Pa chikondwerero cha ufulu wa dziko lathu chaka chino, Amalawi tinasonkhana papaki ku Lawrence, kufupi ndi Indianapolis. Mayi Ida anazungulira, kuzungulira, kenako anafika pomwe tinakhala, atanyamula mbale ya nkhuku patsogolo ngati chishango.

"Bambo Kaphale, musandimve molakwa. Anthu akuyankhula. Zija za magazi a mphaka zija..."

A Sosten anatenga ntchafu ya nkhuku, n'kuiyang'ana mbali zonse.

"Mayi, ndikanakhala mfiti ndikanadzutsa Magdalene, osati kulimbana ndi khutu la mphaka. Mbale yanu ili kunyumba, ndinatsuka."